Wofufuza za Khalidwe ndi Umoyo m'Dera la Fodya

Kafukufuku wa khalidwe la anthu pa zaumoyo ndi nthambi ya maphunziro imene siyang'ana kachirombo kapena mankhwala, koma imafunsa chifukwa chimene munthu wodziwa kuopsa kwa chinthu amapitirizabe kuchichita. Funsoli linakula ku America m'zaka za m'ma 1950, pamene Godfrey Hochbaum ndi anzake anaona anthu akupewa kukajambulitsa m'chifuwa kwaulere kuti aone ngati ali ndi TB, ndipo anapeza kuti munthu asanachite kanthu amayamba wayerekeza kukula kwa ngozi, phindu la kuipewa ndi zopinga zimene zili panjira.

Ku Santhe, m'boma la Kasungu, funsoli lili m'munda wa fodya ndi m'chigafa. Wothyola fodya m'mamawa, masamba akadali ndi mame, amalowedwa chikonga kudzera pakhungu, ndipo amamva chizungulire, mseru ndi litsipa, zimene n'zosavuta kuzisokoneza ndi malungo. Lipoti la bungwe la Plan la mu 2009 linati mwana wogwira ntchito m'fodya angalowedwe chikonga chofika mamiligalamu 54 patsiku, chofanana ndi cha ndudu 50. Komatu kuuza banja kuti lidikire mame aume kapena ligule magulovu sikukwanira, chifukwa tsamba likakhwima silidikira, manja ogwira ntchito ndi ochepa, ndipo ndalama imabwera mabelo akagulitsidwa ku msika wa fodya wa ku Chinkhoma, pomwe ngongole ya feteleza inayamba kale kulemera. Apa mpamene pagona ntchito yeniyeni ya wofufuza, yomwe ndi kukhala pansi ndi alimi, mafumu ndi alangizi a zaumoyo, kufunsa mwaulemu, kuwerengera mayankho, kenako kuyesa ngati uphungu wina ungatheke popanda kulanda banja chakudya.

Kwa wofufuza wotere, njira yofikira pa upulofesa njaitali. Munthu amatenga digiri yoyamba, yachiwiri, kenako ya PhD, ndipo akayamba kuphunzitsa amakwera malinga ndi ophunzira amene wawatsogolera komanso zolemba zimene akatswiri anzake aziunika zisanasindikizidwe. Ku sukulu yaukachenjede ya Kamuzu University of Health Sciences, yomwe inapangidwa mu 2021 pophatikiza sukulu ya madokotala ndi ya anamwino, kafukufuku wokhudza anthu sayamba komiti younika kafukufuku isanaone kuti ofunsidwa avomera mwaufulu ndipo chinsinsi chawo chisungidwa. Pulofesa Adamson Muula, amene walemba zambiri za kusuta pakati pa achinyamata, ndi mmodzi mwa oyenda njirayi.

Mu 2023 Malawi anavomereza pangano la WHO lochepetsa kugwiritsa ntchito fodya, choncho ofufuzawa akuyenera tsopano kufotokoza mmene dziko lingatetezere umoyo m'maboma ngati Kasungu, kumene fizi ya mwana imachokera ku tsamba lomwelo.