THABWA LALIWISI NDI MDANI WA KALIPENTALA WA M'MUDZI

Caka ciri conse alimi akagulitsa nshawa, thonje ndi cimanga, akalipentala a m'midzi ya ku Katete, Petauke, Chadiza ndi Lundazi sakhala ndi nthawi yopuma. Wina afuna citseko ca nyumba yace yatsopano ya njerwa, wina afuna bedi, winanso thebulo ndi mipando. Koma pakapita miyezi yowerengeka madandaulo ayamba kumveka. Citseko cimene cinali cokongola pa tsiku logula cikhala ndi mipata yakuti munthu woima panja aona nyali ya m'nyumba. Thebulo lipindika ngati licero, ndipo mwendo wa mpando ugwedera monga dzino la nkhalamba.

Wogula akaona zotere anena kuti mmisiri uja ndi wacinyengo, ndipo caka ca mawa apita ku tauni kukagula mipando ya pulasitiki kapena citseko ca citsulo. Kalipentala nayenso aloza cala guluu, misomali kapena vanishi. Komatu kawiri-kawiri mlandu suli pa zinthu zimenezi ai. Nchito inaonongeka kale puleni isanakhudze thabwa, cifukwa thabwalo linali lisanaume.

MTENGO NDI MADZI

Mtengo umene wangodulidwa kumene uli ndi madzi ambiri, ndipo mitundu ina yofewa kulemera kwa madzi ace kufika pa theka la kulemera kwa cipika conse. Madziwo akamacoka, thabwa licepa. Cofunika kudziwa ndi cakuti silicepa mofanana mbali zonse. M'litali silisintha kweni-kweni, koma m'lifupi ndimo licepa kwambiri. Thabwa la paini kapena bulugamu la masentimita 30 m'lifupi likhoza kucepa ndi sentimita imodzi kapena kuposerapo lisanaume bwino. Tsono citseko ca matabwa atatu otere, cokhomedwa ali aawisi, cidzataya masentimita atatu. Imeneyo ndiyo mipata imene ilowetsa mphepo ndi udzudzu.

Mlombwa, umene ena achula mukwa, ukondedwa ndi amisiri cifukwa ucepa pang'ono cabe pouma ndipo supindika wamba. Mbawa ndi wopepukirapo ndipo upalika bwino. Muwanga ndi wolimba kwambiri, ciswe siciudya msanga, koma ubunthitsa zida. Bulugamu ndiye wobvuta koposa: akaumitsidwa mofulumira ang'aluka ndi kupotoka. Pa mlombwa, mmisiri wanzeru acotsa mbali yoyera ya kunja nagwiritsa nchito mtima wofiirira wokha, popeza mbali yoyerayo ndiyo ifumbwa ndi tizirombo toboola matabwa.

Ngakhale thabwa louma silileka kupuma. M'dzinja limwa cinyontho ca mu mpweya nilitupa, ndipo m'cilimwe liuma nilibwerera. Ndico cifukwa cace citseko cimene citseguka bwino mu Okutobala cikanirira mu Januwale. Mmisiri sangaletse zimenezi, koma akhoza kuzikonzekera.

KAUMITSIDWE KA MATABWA

Matabwa saumitsidwa pa dzuwa monga cimanga. Dzuwa liumitsa khungu la thabwa m'kati mukali madzi, ndipo mapeto ace ndi ming'alu. Kuwatsamiritsa ku cipupa ca nyumba ndi kulakwanso, cifukwa apindika ndi kulemera kwao komwe.

Njira yabwino ndi kuwaunjika cogona pa mthunzi, pa malo opita mphepo. Poyamba mmisiri aika njerwa kapena miyala, pamwamba pace nagonekapo mitanda yoongoka, kuti thabwa loyamba likhale masentimita 45 kucokera pansi, kutali ndi cinyezi ndi ciswe. Pakati pa mzere uli wonse wa matabwa aikapo timitengo touma, tocindikala masentimita awiri ndi theka, totalikirana masentimita 50 kapena 60. Timitengo timeneti tiyenera kulunjikana, kena pamwamba peni-peni pa kanzace kucokera pansi kufikira pamwamba. Tikaphonyana, matabwa akhota. Pakati pa thabwa ndi linzace pasiyidwe mpata wolowa zala ziwiri. Pamwamba pa mulu paikidwe miyala yolemera, ndipo denga la udzu kapena malata licinjirize mvula ndi dzuwa.

Madzi athawa msanga kwambiri ku nsonga za thabwa, motero ming'alu iyambira kumeneko. Kupaka nsongazo penti yotsala kapena phula la njuci losungunula kupulumutsa masentimita ambiri amene akanatayidwa.

Nanga mmisiri adziwa bwanji kuti matabwa auma? Matabwa opyapyala, ocindikala masentimita awiri ndi theka, afuna miyezi ingapo ya nyengo yopanda mvula, ndipo ocindikala, monga a miyendo ya thebulo ndi mafelemu, afuna nthawi yoposa pamenepo kwambiri. Koma kuwerenga miyezi kokha sikukwanira. Sikelo yopimira nshawa ndiyo mboni yoona. Mmisiri asankhe thabwa limodzi la pakati pa mulu, alipime sabata iri yonse nalembe kulemera kwace pa thabwapo ndi pensulo. Kulemerako kukaleka kutsika kwa masabata atatu otsatana, thabwa lafika pofanana ndi mpweya wa pa malopo. Akatero alowetse matabwa m'nyumba yogwiriramo nchito kwa sabata imodzi kapena ziwiri asanayambe kuceka.

Apa ndipo pali nzeru ya malonda. Kalipentala amene agula matabwa pa tsiku limene wogula wapereka ndalama sadzapeza konse nthawi yowaumitsa. Wocenjera agula mu Epulo kapena Meyi, mvula itangoleka, kuti pofika nthawi ya misika mulu wace ukhale wokonzeka. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

CIDA COBUNTHA CIONONGA THABWA NDI MWINI WACE

Thabwa louma ndi lolimba kuposa laliwisi, ndipo ici ndico cikopa amisiri ena kuthamangira matabwa aawisi amene acekeka mosabvuta. Mankhwala ace ndi kunola zida. Zida zofunika poyamba siziri zambiri: sowo, puleni, macizulo awiri kapena atatu, nyundo, sikweya, tepi, coboolera, tupa ndi mwala wonolera. Kasemasema wa makolo akali ndi nchito yace pocotsa mbali yoyera ndi posema zipika. Amisiri ena a m'midzi apeza macizulo abwino kwa osula amene awapanga ndi masipuling'i akale a galimoto.

Ponola cizulo kapena mpeni wa puleni, kumbuyo kwace kuyenera kukhala kosalala kotheratu, kogona pa mwala popanda kudzutsa. Mbali yopendekeka ndiyo inoledwa. Muyeso wosabvuta ndi uwu: kutalika kwa mbali yopendekekayo kukhale kawiri kucindikala kwa citsuloco, kapena kuposerapo pang'ono. Pa mwala pathiridwe madontho a mafuta opepuka, ndipo mwala wonse ugwiritsidwe nchito kuti usakumbike pakati. Kacitsulo kopyapyala kakapindikira kumbuyo, komveka ndi cala, ndiye kuti kunola kwafika. Mmisiri agoneke citsulo cagada pa mwala, acikhule kawiri katatu, namalizire pa cikopa ca lamba wakale. Amene anolera pa makina a magetsi aviike citsulo m'madzi pafupi-pafupi, pakuti cikasanduka cobiriwira ndi kutentha ndiye kuti cafewa ndipo sicidzasunganso kuthwa.

Sowo inoledwa ndi tupa ya mbali zitatu, ndipo mano ace apendeketsedwa pang'ono, lina kumanja lina kumanzere, kuti njira ikhale yotakata kuposa citsulo ca sowoyo. Pogula, mmisiri ayang'ane mano: sowo zambiri za masiku ano ziri ndi mano akuda oumitsidwa ndi moto, amene tupa siwagwira. Zotero zikabuntha zatha nchito. Kwa munthu wokhala kutali ndi masitolo, sowo yonoleka ndiyo cuma.

Cida cobuntha cifuna mphamvu, ndipo mphamvu ndiyo icititsa cizulo kuterereka ndi kulasa dzanja. Thabwa limangidwe zolimba pa benci, ndipo manja onse awiri akhale kumbuyo kwa cizulo nthawi zonse.

POLUMIKIZA

Msomali ugwira lero, koma thabwa likamatupa ndi kubwerera caka ndi caka, boo lace likula ndipo mpando uyamba kugwedera. Cilumikizo cokhalitsa ndi cija ca lilime lolowa m'boo, cimene akalipentala achula motisi ndi tenoni. Lilime likhale gawo limodzi mwa magawo atatu a kucindikala kwa thabwa. Likapyapyala lithyoka, likanenepa ling'amba mbali za boo. Liyenera kulowa ndi dzanja kapena ndi kumenya pang'ono cabe, ndipo lisagwe lokha thabwa likazondotsedwa.

Pofuna kuti cilumikizo cisamasuke ngakhale guluu atatha mphamvu, amisiri akale anali kukhomapo cikhomo ca mtengo wouma. Boo la pa lilime liboledwa mophonya pang'ono, milimita imodzi kapena iwiri cakufupi ndi phewa la lilimelo, kotero kuti cikhomo polowa cikoka matabwa awiriwo nciwamanga pamodzi.

Guluu woyera wa masiku onse sapirira madzi, motero sayenera pa zinthu zokhala pa mvula. Afuna matabwa ouma, oyera, opanikizidwa bwino, ndipo cinthuco cisasunthidwe kufikira tsiku lotsatira. Wosowa zopanira za citsulo akhoza kumanga ndi malegeni a cubu cakale ca galimoto. Guluu asanaume, mmisiri apime felemu ndi cingwe kucokera ngodya ina kufika ngodya yopingasana nayo, mbali zonse ziwiri. Miyeso iwiriyo ikafanana, felemu yaongoka.

Popeza thabwa silileka kupuma, lipatsidwe malo. Matabwa a pakati pa citseko alowe m'ngalande za felemu popanda guluu, ndi kampata kotsala m'mbali. Pamwamba pa thebulo pamangidwe ndi masikuluu olowa m'maboo otalikirapo m'lifupi, kuti thabwa liziyenda pang'ono popanda kung'aluka. Citseko copangidwa m'cilimwe cisiyiridwe mpata wokulirapo m'felemu, cifukwa dzinja likubwera.

KUMALIZA NDI KUPAKA

Vanishi sabisa colakwa, koma acionetsa poyera. Mikwingwirima ya puleni, zala za mafuta ndi madontho a guluu zonse zioneka bwino lomwe zitapakidwa. Tsono kusalaza ndiko kuyamba. Sandipepa ali ndi manambala kumbuyo: mmisiri ayambe ndi 80, atsatize 120, namalize ndi 180. Akulunge pepalalo pa kathabwa kosalala, ndipo akhule motsata mitsempha ya thabwa, osati mopingasa. Fumbi lipukutidwe lonse, ndipo mphuno ndi kamwa zichingidwe ndi nsaru, cifukwa fumbi la mitengo yolimba lipweteka cifuwa.

Vanishi woyamba asungunulidwe pang'ono ndi tapentaini kuti alowe m'thabwa. Akauma, akhulidwe mopepuka ndi sandipepa wosalala, kenaka apakidwe waciwiri ndi wacitatu. Kupaka kopyapyala katatu kuposa kupaka kocindikala kamodzi, kumene kuyenderera ndi kucita makwinya. Nchitoyi icitidwe pa mthunzi, pa tsiku lopanda mphepo ya fumbi ndi lopanda mvula.

Colakwa ca ambiri ndi kupaka mbali yooneka yokha. Thebulo lopakidwa pamwamba pokha limwa cinyontho ca pansi nilipindika. Kunsi kwa thebulo, kumbuyo kwa kabati, pamwamba ndi pansi pa citseko, ponsepo pafunika vanishi.

Kumene vanishi ndi wodula, phula la njuci ligwira nchito pa mipando ya m'nyumba. Lisungunulidwe m'citini coikidwa m'madzi otentha, licotsedwe kutali ndi moto, ndipo pamenepo ndipo lisakanizidwe ndi tapentaini kufikira lifewe ngati mafuta odzola. Lipakidwa ndi nsaru ndi kupukutidwa zolimba. Nsanza zimene zapakira mafuta a linsidi zisaunjikidwe pa ngodya, cifukwa zitentha zokha ndipo zikhoza kuyatsa nyumba. Ziyanikidwe cotambasula panja kapena ziviikidwe m'madzi. Mithiko, zipande, mitondo ndi matabwa odulirapo ndiwo zisapakidwe vanishi kapena oilo wakuda wa galimoto. Mapolo obiriwira onyikidwa m'mankhwala a ciswe asapangidwe ziwiya za cakudya, ndipo zidutswa zace zisasonkhedwe pa moto wophikira.

MTENGO SUMERA TSIKU LIMODZI

Nkhani iyi ipitirira thumba la kalipentala. Mlombwa woyenera kuceka uli ndi zaka makumi ambiri, kawiri-kawiri zoposa za munthu amene audula. Oceka matabwa tsopano ayenda mitunda yaitali kufuna mitengo imene kale inali kuseri kwa mudzi. Mu 2019 maiko a m'pangano la CITES anaika mukula pa mndandanda wa mitengo imene malonda ace a kunja ayenera kuyang'aniridwa, ndipo mu 2022, pa msonkhano wa ku Panama, anaonjezerapo mlombwa, mupapa ndi mbawa za mu Africa. Kuno kwathu Lamulo la Nkhalango la 2015 lifuna kuti wodula mitengo ya malonda ndi wonyamula matabwa akhale ndi cilolezo ca Dipatimenti ya Zankhalango, motero kalipentala acita bwino kugula kwa oceka amene ali ndi mapepala ao.

Paini ndi bulugamu, monga za m'minda ya ZAFFICO ku Copperbelt kapena zobzalidwa ndi alimi eni ace, zikwanira pa mashelufu, mabenci ndi mbali zobisika za kabati, malinga ziume bwino ndi kutetezedwa ku ciswe. Mlombwa usungidwire zitseko, matebulo ndi mabedi, zinthu zimene kholo lisiyira ana ace. Mtengo umene unatenga moyo wonse wa munthu kuti ukule suyenera kusanduka nkhuni patapita madzinja awiri cabe cifukwa ca changu ca mmisiri. Kalipentala amene aumitsa matabwa ace, anola zida zace ndi kulumikiza mosamala safuna cikwangwani pa mseu, pakuti citseko ciri conse cimene citseka bwino mu Januwale ndi mu Okutobala momwe cimuitanira ogula ena.