Ndege Yotaya Mabuku Ake

Munthu akaima pa zitunda za ku Dzaleka, m'boma la Dowa, sachedwa kuona ndege ikutsetserekera ku Lumbadzi, kumene kuli bwalo la Kamuzu lomwe linatsegulidwa m'chaka cha 1983. Ana amaloza kumwamba, akulu nayang'ana kamodzi n'kupitiriza ntchito zawo. Chimene maso saona n'chakuti ndege iliyonse yodutsa pamenepo imasenza mtolo wa ziphaso, ndipo kumene yachokera yasiyako mabuku ochindikala ofotokoza moyo wake wonse. Popanda mabukuwo ndege siloledwa kunyamuka, ngakhale injini yake ilire bwino chotani.

Anthu a ku Dzaleka nkhani yotere saifunira womasulira. Malowa, amene kale anali ndende ya anthu omangidwa pa zifukwa za ndale, anasanduka msasa wa othawa kwawo m'chaka cha 1994, ndipo pofika 2023 chiwerengero chawo chinali chitaposa 50,000, ambiri ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda. Pakati pawo pali aphunzitsi, anamwino ndi amisiri amene zikalata zawo zinapsa kapena kutayika pothawa nkhondo. Luso lili m'manja ndithu, koma pepala loliikira umboni palibe, motero munthu amayamba kulongosola mbiri yake pamaso pa ofunsa mafunso, chaka ndi chaka, mudzi ndi mudzi, kufikira atamukhulupirira. Ndege yakale yotaya mabuku ake imaimanso pabwalo lotere, kungoti iyo siyankhula. Woiyankhulira ndi mmisiri amene wafuna kuidzutsa.

Timandege tating'ono si tachilendo m'dziko muno. M'chaka cha 1931 kampani ya Christowitz Air Services inayamba kunyamula anthu kuchokera ku Blantyre pa kandege kotchedwa Puss Moth, ka mapiko a matabwa okutidwa ndi nsalu. M'zaka za m'ma 1950 kampani ya Central African Airways inabweretsa ndege za mtundu wa Beaver, zomwe zinkatera pa mabwalo a udzu ndi fumbi monga ku Mzimba, Mzuzu ndi Karonga, misewu ya kumpoto isanaone phula. Pamene Air Malawi inkabadwa m'chaka cha 1964, chuma chake chinali ndege ziwiri za Dakota ndi zitatu za Beaver.

Beaver ndi nkhalamba yokana kufa. Inauluka koyamba ku Canada m'chaka cha 1947, ndipo pamene anasiya kuipanga mu 1967 anali atapanga 1,657. Mazana a ndegezi akugwirabe ntchito ku Canada ndi ku Alaska. Kufupi ndi mzinda wa Seattle, ku America, kampani ya Kenmore Air yakhala zaka zambiri ikugula ma Beaver otheratu, kuwaphwasula mpaka patsale mafupa okhaokha, n'kuwamanganso. Zitsulo zake zimapezeka, mapulani ake anasungidwa, amisiri odziwa injini yake ya masilinda asanu ndi anayi aliponso. Tsono chovuta pa ntchito yodzutsa ndege yakale si chitsulo ayi, koma pepala.

Mayi aliyense amadziwa khadi la kusikelo ya ana, mmene amalembamo kulemera kwa mwana ndi katemera amene walandira. Ndege nayo ili ndi makhadi ake, amene Angerezi amawatcha log book, ndipo kawirikawiri amakhala atatu: la thupi la ndege, la injini ndi la pulopela. M'menemo amalemba maola onse amene ndege yauluka, chilichonse chimene chakonzedwa kapena kusinthidwa, tsiku lake, ndi dzina la injiniya wokhala ndi chiphaso amene wasayinira ntchitoyo. Mabuku atatuwa mwa chizolowezi sakwera ndege. Amatsala pansi, kuti ngozi ikagwa umboni usapsere limodzi ndi ndegeyo. Koma kutsala pansi komweko ndiko kumawataya. Mwini ndege amwalira, abale nagulitsa ndegeyo, bokosi la mabuku n'kuiwalika m'nyumba yosungira katundu mmene chiswe ndi makoswe sizisankha chakudya. Pena makaniko amawagwira chikole kaamba ka ngongole. Pena kampani imatsekedwa, kapena ndege imasintha dziko ndi kaundula, monga zinachitira ndege za kuno pochoka pa zilembo za VP-Y za m'nthawi ya chitaganya kupita pa 7Q za Malawi. Posamuka paliponse pepala lingathe kutsalira m'mbuyo.

Kodi kuopsa kwake kuli pati, popeza ndege ikuoneka ndi maso? Akale anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chitsulo chimatopa mosaonetsa. Mbali zina za ndege zili ndi malire a maola, ndipo zikafika pamenepo zimachotsedwa ngakhale zikunyezimira ngati zatsopano. Injini ya Lycoming yomwe ili m'ndege zambiri za Cessna 172 opanga ake amalangiza kuti iphwasulidwe yonse ikakwana maola 2,000 kapena zaka 12. Munthu wopanda buku adzadziwa bwanji kuti yake yayenda maola 300 kapena 1,900? Palinso malamulo apadera amene maboma amatulutsa akatulukira chilema pa mtundu wina wa ndege, olamula kuti mwini aliyense ayeze kapena asinthe chakutichakuti. Ndege ya zaka 60 imakhala ndi mndandanda wautali wa malamulo otere, ndipo lililonse limafuna siginecha yake. Pamene siginecha palibe, woyendera wa boma amatenga kuti ntchitoyo sinachitike.

Choncho mmisiri amayamba ndi ntchito ya ukazitape, sipanala ili pansi. Poyamba amafunafuna kachitsulo kosapsa ndi moto kokhomedwa pathupi la ndege, kokhala ndi dzina la fakitale ndi nambala yobadwa nayo. Ndi nambalayo amalembera ofesi za kaundula m'maiko onse mmene ndegeyo inakhalamo. Ku America ofesi yotere ili ku Oklahoma City, ndipo imasunga makope a zikalata za umwini ndi za ntchito zikuluzikulu zokonza ndege iliyonse yolembetsedwa kumeneko. Kenaka amalondola eni ake akale, magalaja amene anaikonzapo, malisiti, ngakhale mabuku a oyendetsa ndege, poti aliyense wa iwo amalemba m'buku lakelake ulendo uliwonse, nambala ya ndege ndi maola. Kuphatikiza zidutswa zimenezi kumatha miyezi, nthawi zina zaka. Malangizo a boma la America amalola kuti pamene kufufuza kwalephera kutseka mipata yonse, mwini ndege alumbire m'kalata, kufotokoza mmene mabuku anatayikira ndi maola amene akuwayerekeza. Koma lumbiro silibwezera chitsulo unyamata wake. Mbali iliyonse ya malire imene zaka zake sizikudziwika imatayidwa, injini imaphwasulidwa, mapiko amatsegulidwa kuti aone dzimbiri, ndipo ngati ndi a matabwa amayeza guluu, amene kutentha ndi chinyontho cha maiko ngati lino zimamufooketsa. N'chifukwa chake ndege yopanda mabuku imagulidwa motchipa, ndipo wogula mosadziwa amalira pambuyo pake.

Ena amaona zonsezi ngati nkhanza za anthu a m'maofesi. Maganizo otere ndi opepuka. Pa 10 June 2024 ndege ya asilikali ya Dornier 228 inagwa m'nkhalango ya Chikangawa, nipha wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, Dr Saulos Chilima, ndi anthu ena asanu ndi atatu. Akatswiri a ku Germany amene anafufuza ngoziyo anapeza kuti batire la kachipangizo kolira ndege ikagwa, kothandiza ofunafuna kudziwa pamene ili, linatha nthawi yake m'chaka cha 2004. Si ndilo linagwetsa ndegeyo, koma tsiku lakutha kwake linali lolembedwa, ndipo ndegeyo inapezeka mawa lake.

Mbiri ikakanika kulumikizika, ndege imakathera m'nyumba yoonetsera zakale kapena kugulitsidwa chiwalochiwalo. Chodabwitsa n'chakuti mbiri ikakhala yolimba, chitsulo chingathe kutha pafupifupi chonse ndege n'kukhalabe yomweyo pamaso pa lamulo. Ndege yankhondo ya Spitfire ya nambala P9374 inatera mokakamizika pa mchenga wa ku Calais, ku France, mu May 1940, nimira pang'onopang'ono m'mchengamo. Inatulukiranso mu 1980 itadyeka ndi mchere wa m'nyanja. Amisiri a ku Duxford, ku England, anaimanganso, mbali zochuluka zili zatsopano, koma nambala ndi mbiri yake zili zakale zija, zotsimikizika m'zolemba za asilikali. Inaulukanso mu 2011, ndipo mu 2015 inagulitsidwa ku London pa mtengo woposa mapaundi 3 miliyoni.