Nsawawa si chimanga, abale anga

Kuseri kwa nyumba imene ndimachita lendi ku Ndirande kuli kamalo kakang'ono pakati pa bafa ndi mpanda wa aneba. Kwa zaka zambiri pamalopo tinkangotayirapo phulusa. Koma ndalama ya kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mayi a kunyumba anayamba kubwera kumsika ndi kajumbo kopepuka, ine n'kuona kuti kamalo kaja kayenera kugwira ntchito.

Ndinasankha nsawawa chifukwa ana anga amazikonda pa mpunga. Mvula itagwa mu Disembala, anthu akudzala chimanga, nanenso ndinadzala. Mbewu zina zinaolera pansi. Zimene zinamera zinatuwa masamba ngati wina waziwaza ufa, maluwa n'kuyoyoka. Sindinakolole ngakhale zodzadza kapu.

Ndinakadandaula kwa mayi wina wochokera ku Ntcheu amene amagulitsa masamba mumsika wathu, ndikuganiza kuti anandigulitsa mbewu yakufa. Mayiyo anaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Achimwene, nsawawa si chimanga ayi. Kwathu timadzala mvula ikamatha, anthu akayamba kufunda mabulangete awiri. Inu mwadzala pa dzuwa lotere, mumati zitani?"

Safunsa anadya phula. Nsawawa ndi mbewu ya nyengo yozizira. N'chifukwa chake zimachita bwino kumalo okwera monga ku Dedza, ku Tsangano ndi kumapiri a Zomba, ndipo amene amayenda pamseu wa M1 amaziona zitaunjikidwa pa Lizulu. Kukatentha kwambiri maluwa ake amagwa asanabereke. Kuno ku Blantyre mwayi wathu ndi miyezi ya Epulo mpaka Julayi, makamaka chiperoni chikamabwera.

Tsono mu Meyi 2024 ndinayambiranso. Ndinatipula bedi limodzi, n'kusakaniza dothi ndi manyowa owola bwino. Feteleza sindinagule, pakuti mizu ya nsawawa, monganso ya nyemba, imakhala ndi timaphundu momwe mumakhala tizilombo totenga nayitulojeni mumpweya n'kudyetsa mbewuyo. Mukathira feteleza wambiri mudzangokolola masamba. Ndinadzala m'mizere iwiri, mbewu iliyonse kuya kwake masentimita 3 kapena 4, kutalikirana masentimita 5. Patatha sabata ndi masiku angapo zinatuluka.

Mdani woyamba anali nkhuku za aneba. Kuti tisayambane pa nkhani ya masamba, ndinangotchinga bedi ndi udzu ndi masaka akale. Kenaka ndinazika timitengo ndi kumanga zingwe kuti ziziyangapo, popeza nsawawa zikagona pansi makoko amaola. Madzi ndinkathirira m'mawa, patsinde osati pamasamba, chifukwa masamba akagona onyowa matenda sachedwa. Nsabwe zobiriwira zitayamba kuunjikana kunsonga, ndinazikhulula ndi zala, zina n'kuzitsuka ndi madzi a sopo pang'ono. Nthawi yofunika madzi kwambiri ndi pamene maluwa oyera aja atuluka ndi pamene makoko akukhwima. Apo musaumire ndowa.

Patatha miyezi iwiri ndi masabata awiri tinayamba kuthyola. Apa ndi pamene ambiri timalakwitsa kachiwiri. Timafuna kudikira kuti zonse zikhwime n'kukolola tsiku limodzi ngati chimanga. Nsawawa sizitero. Khoko lizithyoledwa likadzadza koma likadali lobiriwira ndi losalala. Likayamba kutuwa ndi kukwinyika, mkati mwauma kale, kutsekemera kwatha. Komanso mukasiya makoko okhwima pamtengo, mtengowo umaleka kutulutsa maluwa. Ine ndinkathyola patsiku lachiwiri kapena lachitatu lililonse, kuyambira pansi kukwera m'mwamba, dzanja lina litagwira tsinde kuti lisazuke. Motero bedi limodzi lomwelo linatidyetsa pafupifupi mwezi wathunthu.

Sindikunamizani kuti ndinalemera. Koma masiku angapo pa sabata ndalama ya ndiwo inkapita ku makala ndi sopo, ndipo ana anadziwa kukoma kwa nsawawa yothyola ndi kuphika tsiku lomwelo.

Anzanga a geni, imvani apa. Nsawawa ikangothyoledwa, shuga wake amayamba kusanduka sitachi, ndipo padzuwa zimenezi zimafulumira. Mukaoda, ikani pamthunzi, fundikani ndi saka lonyowa, ndipo musasende zambiri wogula asanafike. Kamulu kosenda m'mawa kakafika madzulo sikakoma ngati kosenda pamaso pa kasitomala. Wogula akalawa zotsekemera, mawa abweranso pabenchi panu.

Inunso ophunzira, nsawawa zimene mumawerenga m'buku la bayoloje ndi zomwezi. Gregor Mendel anazilima m'dimba la nyumba ya amonke ku Brno kuyambira 1856 mpaka 1863, ndipo zimene anapeza za momwe ana amatengera makolo anazisindikiza mu 1866. Chifukwa china chimene anasankhira mbewuyi n'chakuti duwa lake limadzipatsa lokha mungu lisanatseguke. Kwa ife a madimba ang'ono-ang'ono tanthauzo lake n'lakuti mbewu yosunga wekha imabala zofanana ndi make. Ine ndinasiya mitengo ingapo yakumapeto kuti makoko aumire pomwepo, n'kusunga mbewu m'botolo louma lotseka bwino. Zotsala ndinazidula patsinde, mizu n'kuisiya pansi, ndipo mpiru umene ndinadzalapo pambuyo pake unasangalala.

Mbale yoyamba ya nsawawa zosenda ndinakapereka kwa mayi a ku Ntcheu aja. Analawa imodzi yaiwisi, n'kugwedeza mutu.

"Eya, tsopano mwamva. Chaka chamawa musadzathamangirenso mvula."

Ngati kuseri kwa nyumba yanu kuli kamalo kotayirapo phulusa, pemphani a landilodi, sonkhanitsani manyowa ndi timitengo, koma mbewu isatuluke m'botolo mpaka mutayamba kufuna juzi m'mawa.