Galu Wotsala Yekha Pakhomo Nyengo ya Dzinja

Mvula yoyamba ikagwa, makomo ambiri a ku Chileka ndi ku Lirangwe amakhala zii. Akuluakulu amalawirira kumunda, ana amapita kusukulu, ena amakwera minibasi kukagwira ntchito mumzinda wa Blantyre. Galu amene m'chilimwe anazolowera kutsata ana ndi kulandira mkute pa nthawi yake amatsala yekha, kawirikawiri ali pachingwe.

Galu ndi nyama yodalira chizolowezi. Zinthu zikasintha mwadzidzidzi amasowa mtendere: amauwa kosalekeza, amatafuna chingwe ndiponso amakumba maenje. Paja akuluakulu anati galu wamkota sakandira pachabe. Akadula chingwe amakagwira nkhuku za anansi, mlandu nkukafika kwa amfumu, ndipo poyendayenda angathe kulumidwa ndi galu wachiwewe.

Chithandizo chake sichilira ndalama. Nthawi ya chakudya isamasinthesinthe. Chingwe chikhale chachitali, chofika pamthunzi pamene pali madzi akumwa. Fupa lalikulu laliwisi la ng'ombe limamtayitsa nthawi, koma mafupa ophika amasweka ndi kumlasa m'mimba. Madzulo mwana ayende naye. Kummenya kumangowonjezera mantha.

Komabe kusungulumwa nkosiyana ndi chiwewe. Galu wosungulumwa amadya, ndipo amakondwa mbuye wake akafika. Wochucha dovu, wolephera kumeza ndi woluma chilichonse asagwidwe. Alangizi a ziweto adziwitsidwe msanga. Wolumidwa atsuke bala ndi sopo kwa mphindi 15, kenaka athamangire kuchipatala. Bungwe la Mission Rabies linayamba kubaya agalu katemera ku Blantyre mu 2015, pakuti galu wobayidwa amateteza banja lonse.