Ng'oma ku Ndirande, mawu ku Joni: nyimbo ikumane pati?

Mu 2003 ku America kunatuluka chimbale chotchedwa Give Up, cha gulu la The Postal Service. Eni ake awiri ankakhala motalikirana kwambiri: Jimmy Tamborello ku Los Angeles, Ben Gibbard ku Seattle. Tamborello ankakonza zing'wenyeng'wenye pa kompyuta, n'kuziika pa CD, n'kutumiza. Mnzakeyo ankaikapo mawu ndi gitala n'kubweza. Dzina la gululo linachokera ku kutumizirana kumeneku, ndipo m'kupita kwa zaka chimbalecho chinagulidwa makope oposa 1 miliyoni.

Oimba athu akuchita zomwezo lero, kungoti mtengatenga wawo ndi WhatsApp. Wojambula nyimbo ali m'kasitudiyo kake ku Ndirande, makoma atamatidwa mathireyi a mazira, amatumiza biti kwa mnzake amene anapita kukasaka ganyu ku Joni. Uyo akaweruka amadzitsekera m'chipinda, n'kudzifunda bulangeti kuti phokoso la mumsewu lisalowe, n'kuimbira pa foni. Mawuwo akafika kuno amakhala atafinyidwa, chifukwa uthenga wa mawu pa WhatsApp unakonzedwera kucheza osati kujambula nyimbo. Pakatha sabata ziwiri pa gulu lawo la WhatsApp pamakhala mafayilo mbwee: "yomaliza", "yomaliza 2", "yomaliza yeniyeni". Palibenso akudziwa kuti besi yabwino ija ili mu iti.

Apa ndi pamene achinyamata odziwa kupanga mapulogalamu a pa foni ndi masamba a pa intaneti angalowererepo. Koma ambiri akangomva za oimba otalikirana, maganizo awo amathamangira ku chinthu chimodzi: woimba ng'oma ku Lilongwe ndi woimba gitala ku London aziimbira limodzi nthawi yomweyo. Lotoli ndi lokoma, koma likulimbana ndi chilengedwe.

Mawu amayenda mamita pafupifupi 340 pa sekondi mumpweya. Oimba awiri akatalikirana mamita 10 pa siteji, wina amamva mnzake patadutsa mamilisekondi pafupifupi 30, ndipo cha pomwepo ndi pamene kuimbira limodzi kumayamba kuvuta. Wang'oma amadikira wabesi, wabesi nayenso amadikira wang'oma, nyimbo n'kumazirala pang'onopang'ono. Tsono m'mawaya a fibre uthenga umayenda makilomita pafupifupi 200,000 pa sekondi. Kuchokera ku Lilongwe kukafika ku London pali makilomita pafupifupi 8,000, kutanthauza mamilisekondi 40 ulendo wopita wokha, ngakhale waya utawongoka ngati chingwe choyanikira zovala. Ndipo suwongoka. Malawi alibe gombe la nyanja yamchere, choncho uthenga wathu umayamba wadutsa m'maiko oyandikana nafe monga Tanzania ndi Mozambique kuti ukapeze mawaya a pansi pa nyanja ngati SEACOM ndi EASSy. Palibe katswiri amene angafupikitse mtunda umenewu.

Mapulogalamu oimbira limodzi alipo ndithu. JackTrip inabadwira ku yunivesite ya Stanford, ndipo Jamulus inayambitsidwa ndi Volker Fischer wa ku Germany. Mu 2020, matenda a Covid-19 atatsekereza anthu m'nyumba, makwaya ndi magulu oimba ambiri anathawira kumeneko. Koma onse awiriwa amayenda bwino oimba akakhala osatalikirana kwambiri, kompyuta italumikizidwa ndi waya, osati netiweki ya pa foni imene imakwera n'kutsika.

Njira imene inandigwira mtima ndi ya NINJAM, pulogalamu imene kampani ya Cockos inatulutsa mu 2005. Oipanga anavomereza kuti kuchedwa sikungathe, ndiye anakuwonjezera dala. Woimba aliyense amamva anzake atachedwa ndi gawo lathunthu la nyimbo, n'kumaimba motsatira zimene anzakewo anaimba m'gawo lapitalo. Zimamveka zachilendo, koma pa nyimbo zimene maimbidwe ake amazungulira n'kubwerera pomwepo, monga zambiri zathu zovina, zimakhala bwino ndithu.

Komabe ine ndikuona kuti wofuna kuthandiza woimba wa kuno ayambire pansi kuposa pamenepa. Ayambire pa bandulo. Mphindi imodzi ya mawu osafinyidwa, a mtundu wa WAV pa muyezo wa CD, imadya ma MB pafupifupi 10. Nyimbo ya mphindi 4 yokhala ndi zigawo 20, ng'oma payokha, besi payokha, kiyibodi, magitala ndi mawu a ovomera, ikhoza kufika ma MB 800. Mtsikana woimba ku Mzimba sangagule bandulo yotere kuti angomvera pamene akalowere. Pulogalamu yomuganizira imutumizire kafayilo kopepuka koti aziimba motsatira, isunge mawu ake abwinowo m'foni momwemo, n'kuwakweza pang'onopang'ono netiweki ikapezeka. Magetsi akazima kapena bandulo ikathera panjira, idzapitirize pomwe inalekera. BandLab, imene inayamba ku Singapore mu 2015, inasonyeza kale kuti munthu angajambule zigawo zingapo pa foni n'kusunga mbiri ya kusintha kulikonse. Chosowa ndi chofanana nacho chopangidwa ndi munthu wodziwa mtengo wa bandulo m'thumba la woimba wa kuno.

Pali nkhani ina imene imaononga maubale kuposa netiweki, ndipo opanga mapulogalamu saikonda chifukwa si yokopa maso: nyimboyi ndi ya ndani? M'situdiyo anthu amaonana, amadziwa amene anabwera ndi kolasi ndi amene anangokonza liwu limodzi. Pa intaneti zimenezi zimasochera m'mauthenga ofufutika. Nyimbo ikapanda kutchuka palibe amafunsa. Ikangoyamba kumveka m'maminibasi, pa maukwati ndi pa wailesi, mpamene wagitala uja amakumbukira kuti anangolandira ya ndiwo basi, dzina lake osatchulidwa paliponse.

Bungwe la COSOMA, limene linakhazikitsidwa mu 1992, limatolera ndi kugawa ndalama za eni nyimbo, ndipo dziko lino lili ndi lamulo la umwini wa zaluso la mu 2016. Koma bungwe limagawa potsata zimene zinalembetsedwa. Ngati oimbawo sanagwirizane poyamba, mkangano umangosamukira ku ofesi. Choncho pulogalamu yabwino izilemba yokha amene wakweza gawo lililonse, tsiku ndi ola, ndipo nyimbo isatuluke aliyense asanavomereze gawo lake: wopeka mawu zakuti, wopeka maimbidwe zakuti, wojambula zakuti. Amene anangoitanidwa kudzaimba kamodzi alandire zake kudzera pa Airtel Money kapena TNM Mpamba ntchito ikangovomerezedwa, ndipo zilembedwe kuti walandira. Wa ku Joni kapena ku Leeds atenge chikalata chomwecho, m'Chichewa ndi m'Chingerezi, choti angakachionetse ku bungwe loona za eni nyimbo la dziko limene akukhalalo.