Kamera ya Agogo Ilipo, Nanga Filimu Yake?

Sabata yatha mtsikana wina wa Fomu 3 anabwera m'kalasi ya fizikisi ndi kamera yakale ya agogo ake, ya magalasi awiri kutsogolo, yosuzumira pamwamba. Akuti agogowo ankajambula nayo maukwati pa Nkando pompano. Anandifunsa kuti, "Sala, ingajambulenso zithunzi za kala?" Kamerayo ndi yabwinobwino, ndipo sifuna batire. Vuto ndi filimu.

Makamera otere amadya filimu yotchedwa 120, imene kampani ya Kodak inayamba kupanga mu 1901. M'lifupi mwake ndi pafupifupi masentimita 6, ndipo mpukutu umodzi umatulutsa zithunzi 12 zokha pa kamera ngati iyi. Mwina mukuti, nanga anthu amaifuniranji? Tengani cholembera. Negetivu yake ndi mamilimita 56 mbali zonse, pomwe ya filimu wamba ya 35mm ndi 24 kwa 36. Chulukitsani: 3,136 ndi 864. Malo ogwira kuwala ndi aakulu kuposa katatu ndi theka, choncho chithunzi chimatha kukulitsidwa kwambiri osachita mbuu.

Filimu ya kala si pulasitiki chabe ayi. Pamwamba pake pamapakidwa timiyalo topyapyala kwambiri ta mankhwala a siliva amene amasintha kuwala kukawagunda. Wina umagwira kuwala kwa buluu, wina kobiriwira, wina kofiira. Kupakako kumachitikira mumdima, ndi makina akuluakulu odula zedi, n'chifukwa chake mafakitale ake atsala ochepa padziko lonse. Yodziwika kwambiri ndi ya Kodak ku Rochester, ku America. Makamera a digito ndi mafoni atabwera, msika unagwa, moti Kodak inafika pogwa mphwayi ndi ngongole mu 2012. Fujifilm inasiya kupanga filimu yake ya Pro 400H mu 2021. Komabe zinthu sizinathe: mu 2022 Kodak inatulutsa Gold 200 ya 120, ndipo Portra ndi Ektar zikupangidwabe.

Ndiye filimu ilipo, koma kuti ifike pa Nkando ndi nkhani ina. Loweruka ndinakwera minibasi ya pa Midima n'kukazungulira masitolo ku Limbe ndi ku Blantyre. Ndinabwerako chimanjamanja. Mnyamata wina anaganiza kuti ndikufuna filimu yoonera, mpaka anandipempha fulashi! Njira yomwe ndikuona ndi kutuma m'bale amene ali ku Joni, ngakhale kuti ndi kusowa kwa ndalama zakunjaku mtengo wake uluma.

Ikafika, adani ake ndi awiri. Kutentha kumawononga mankhwala aja pang'onopang'ono, mitundu n'kusokonekera, choncho m'chilimwe isungidwe mufiriji. Winayo ndi makina ounikira katundu pabwalo la ndege: X-ray ndi m'bale wake wa kuwala, ndipo filimu imaimva.

Kutsuka nakonso n'kovuta. Njira yake, C-41, imafuna kuti mankhwala oyamba akhale pa 37.8°C kwa mphindi 3 ndi masekondi 15. Mukaphonya pang'ono, nkhope ya munthu imasintha mtundu. Mpukutu wathu udzayenera kubwereranso ku South Africa kukatsukidwa.

Tagwirizana kusonkherana ya mpukutu umodzi. Kalasi ikukanganabe za zithunzi 11. Choyamba chokha n'chimene palibe watsutsa: agogo aja, phiri la Mulanje lili kumbuyo kwawo.