Kupatsa Lamulo Makina Owerengera Mabuku

Anzanga, ambiri mwa inu mwandiona ku hositelo ndikuwerenga pa kachipangizo kotchedwa Kobo, kamene amalume anandigulira ku Joni. Kampani yake inayamba mu 2009 ku Toronto, m'dziko la Canada. Mwezi wathawu ndinazula chingwe pa kompyuta mwaphuma, belu la phala litalira, ndipo mizere yonse imene ndinalemba pokonzekera mayeso a MSCE inafafanizika. Pofuna kuti zimenezi zisachitikenso, ndinaphunzira zimene ndikufuna kukufotokozerani.

M'kati mwa Kobo muli Linux. Mukayatsa, makinawo amayamba awerenga fayilo yotchedwa rcS, imene ili mu /etc/init.d, natsata mizere yake umodzi umodzi, monga momwe pulifekiti amawerengera ndandanda ya ntchito m'mawa. Akatsiriza ndi pamene amatsegula Nickel, pulogalamu yoonetsa mabuku. Tsono munthu akhoza kulemba malamulo akeake m'kafayilo kotchedwa script, kuti nawonso aziwerengedwa pa nthawi yomweyo.

Lamulo langa ndi lalifupi ndithu. Mizere imene timalemba imasungidwa mu KoboReader.sqlite, chotero script yanga imangokopera fayiloyo pamalo ena makina akangodzuka.

Nanga lamulolo lilowa bwanji? Mulimange m'phukusi la dzina loti KoboRoot.tgz, muliike mu foda yobisika ya .kobo, ndipo muchotse chingwe mwaulemu, osati monga ndinachitira ine. Makina amamasula okha phukusilo nayambanso.

Koma apa chenjerani. Musakhudze rcS mwiniyo, pakuti mukalakwitsa chilembo chimodzi, makina akhoza kuima panjira osafika ku mabuku, ndipo pa Ntcheu pano sindinaonepo mmisiri wa zimenezi. Ndiponso kampani ikatumiza pulogalamu yatsopano, rcS wanu amafufutidwa. Njira yabwino ndiyo kuika mzere umodzi mu /etc/udev/rules.d woitana script yanu. Script iyambe yadikira kamphindi, chifukwa mbali yosungira mabuku imachedwa kutseguka.

Aphunzitsi athu a kompyuta anaona mizere yanga ndisanaiike, napeza kuti ndinaiwala kadontho ka .kobo. Nanunso muwaonetse yanu Lachitatu masana.

Wophunzira wa Fomu 4